Madzi Amene Sitima Idakana

Kum'mawa kwa mzinda wa Perth, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45, pamwamba pa mapiri a Darling, pali katauni kotchedwa Chidlow, ndipo m'nkhalango yoyandikana nako muli damu limene anthu amalitcha Lake Leschenaultia. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, dzuwa likamaswa mtengo, mabanja amakwera mapiriwo atanyamula kamba, n'kuyala nsalu pa mchenga woyera wa m'mphepete mwa madzi. Ana amasambira mpaka pa kathandala koyandama n'kumadziponya m'madzi kuti chubwi, ena akupalasa timabwato. Mlendo angayese kuti malowa adakonzedwera zimenezi kuyambira kale. Komatu damulo adamangira sitima, ndipo anthu adaloledwa kusambiramo sitimayo itakana madziwo. Si ku Chidlow kokha kumene zidayenda chomwechi. M'madamu ozungulira Perth wosambira wakhala akudya makombo: amapatsidwa madzi amene injini yawakana, amene sakuyeneranso kumwedwa, kapena amene akupita kumunda. Ganizo langa ndi lakuti dongosolo limeneli, ngakhale limawawa pa tsiku lotentha, n'loyenera, komanso kuti limamusiyira wosambirayo ntchito imene boma silingamugwirire, yodziwa nyengo za madzi, zimene siziyendera limodzi ndi nyengo za mpweya.

Golide atapezeka ku Coolgardie mu 1892 ndi ku Kalgoorlie mu 1893, njanji ya kum'mawa, imene idali itafika kale pa Chidlow's Well mu 1884, idayamba kusenza anthu, zitsulo, ufa ndi matabwa usana ndi usiku kupita kuchipululu. Sitima ya malasha ndi chilombo chaludzu. Ntchito ya malasha ndi kuwiritsa madzi basi. Chokankha mawilo ndi nthunzi, ndipo nthunziyo ikakankha imatulukira kuchumuni osabwereranso. Injini yochokera kuchigwa cha mtsinje wa Swan inkafika pamwamba pa chitunda itapapira madzi ochuluka, kutsogolo kwake kuli dziko louma gwa. N'chifukwa chake cha mu 1897 ndi 1898 a njanji adatchinga kamtsinje pafupi ndi siteshoniyo n'kupanga damu. Koma injini imasankha madzi kuposa munthu. Madzi amene munthu angamwe n'kungoti akumveka kamchere pang'ono, mu boyila amasautsa, chifukwa chimene chimauluka ndi madzi okha, mchere umatsalira, ndipo ukamathiridwa madzi ena mcherewo umangochulukirachulukira. Madzi amayamba kuchita thovu, thovulo n'kukwera limodzi ndi nthunzi kulowa kumene sikuyenera kulowa madzi. M'kati mwa mapaipi mumamatirira zokhala ngati nkhoko za mumphika wa nsima, moto n'kumavutika kufikira madzi, chitsulo n'kumadyeka ndi dzimbiri. Pofika cha m'ma 1930 madzi a damu la Chidlow adali atalowa mchere wochuluka moti a njanji sakadawagwiritsanso ntchito.

Kodi mchere udachokera kuti pamwamba pa phiri, kutali ndi nyanja? Yankho lake adalipeza ndi anthu a njanji omwewo, poti iwo ndiwo ankaona madamu awo akuwonongeka limodzi ndi limodzi. Mu 1924 injiniya wa njanji, W. E. Wood, adalemba m'magazini ya bungwe la Royal Society of Western Australia kuti mchere umachuluka m'nthaka ndi m'mitsinje mitengo yachilengedwe ikadulidwa. Kwa zaka zikwizikwi mphepo ndi mvula zochokera ku nyanja ya Indian zakhala zikusiya kamchere pang'onopang'ono m'dothi lakuya la mapiriwa. Mitengo ya jarrah, marri ndi wandoo, imene ndi abale ake a bulugamu, ili ndi mizu yozama imene inkamwa pafupifupi mvula yonse, kotero madzi a pansi pa nthaka ankakhala pansi penipeni, mchere uli gone osasokonezedwa. Mitengo itadulidwa, m'malo mwake n'kumera tirigu ndi msipu wa mizu yaifupi, madzi apansiwo adakwera, adasungunula mchere uja n'kuutulutsira m'makwawa. Ngakhale pa damu lalikulu la Mundaring zidachitika. Khoma litangotha, akuluakulu adafuna kuti madzi azifika ambiri m'damu, ndipo adalamula kuti mitengo ya m'dera lina isendedwe makungwa kuzungulira tsinde kuti iume. Walira mvula walira matope, koma kuno adalira mchere, ndipo adakakamizika kudzalanso mitengo. Anthu a ku Blantyre amene adaona phiri la Ndirande likumetedwa mpala m'zaka za m'ma 1990, damu la Mudi n'kumadzaza dothi, nkhaniyi akuidziwa. Kusiyana kwake n'kwakuti matope amaoneka ndi maso pamene madzi amchere amakhala mbee ngati abwinobwino.

Kuyera kumeneku ndiko kudapatsa damu la Chidlow moyo wachiwiri. Madzi osayenera boyila adali abwino pakhungu, ndipo cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 malowa adapita m'manja mwa akuluakulu a dera la Mundaring kuti akhale opumulirako. Apa mpamene adapatsidwa dzina la Leschenaultia, kutengera kaduwa kobiriwira ngati thambo kamene kamamera m'nkhalangoyo, kamenenso kadatenga dzina la Jean-Baptiste Leschenault de la Tour, katswiri wa zomera wa ku France amene adafika m'magombe a dzikoli pa ulendo wa Nicolas Baudin kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800. Ana a mumzinda ankaphunzira kusambira mumtsinje wa Swan, pa malo ngati Crawley Baths amene adatsegulidwa mu 1914, koma ana ambiri a m'mapiri adaphunzirira m'damu lakale la sitimali. Kum'mwera, pafupi ndi Collie, damu la Wellington lidayenda njira yofananayo pa msinkhu waukulu. Lidamangidwa mu 1933, khoma lake lidakwezedwa mu 1960, ndipo linkapereka madzi akumwa ku matauni a kumtunda. Minda itachuluka kumene mtsinje wa Collie umachokera, mchere udakwera mpaka boma lidamanga damu lina, la Harris, limene lidatha mu 1990, kuti litenge ntchito ya madzi akumwa. Lero pa Potters Gorge, m'mphepete mwa Wellington, anthu amamanga matenti n'kumasambira. Chilolezo chimenechi adachilandira kwa mchere.

Madamu amene mchere sudawagonjetse ali ndi zikwangwani zoletsa. Chiletsochi chili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo idalembedwa ndi maliro. Damu loyamba la mzinda wa Perth, la Victoria, lidatha mu 1891, ndipo kumtunda kwake kudali misasa ya ocheka matabwa, zimbudzi zawo ndi makola a ziweto. M'zaka zomwezo matenda a tayifodi adapulula anthu ku migodi ya golide ndi mumzinda momwe, ndipo madzi a damulo adali m'gulu la zinthu zimene zidalozedwa chala. Phunziro limene akuluakulu a madzi adatolapo lidali losavuta kumva: munthu asayandikire madzi amene anzake adzamwe. Lamulo la madzi a mumzinda la 1909 ndi lamulo la madzi a m'madera a kumidzi la 1947 adapereka mphamvu zotchinjirizira madera amene madzi ake amatsetserekera m'madamu. Motero Mundaring, limene injiniya C. Y. O'Connor adalikonza kuti litumize madzi pa mtunda wopitirira makilomita 500 kukafika ku Kalgoorlie mu 1903, silisambidwa. Canning la 1940, Serpentine la 1961 ndi Wungong la 1979 nawonso sasambidwa. Munthu amaloledwa kuyenda pamwamba pa khoma, kuotcha nyama pa malo okonzedwa kumunsi kwake, ndi kuyang'ana madzi akunyezimira thukuta lili kamukamu, koma m'madamu akuluakulu a mzindawu dera la makilomita awiri kuchokera pamene madzi amalekezera ndi lotsekedwa. Zimapweteka, ndipo palibe chifukwa chonamizira kuti sizipweteka.

Tisanafike kwa otsutsa chiletsochi, tione kaye chimene wosambira adalandira. Perth ali kum'mwera kwa dziko lapansi ngati Malawi, choncho Juni ndi Julayi ndi miyezi yozizira konsekonse. Koma kumeneko mvula imagwa m'miyezi yozizirayo, pamene Disembala mpaka Malichi kumakhala kouma ndi kotentha. Dzinja lawo ndi chisanu chawo zidagonera nyumba imodzi. Mu Febuluwale masana kumatentha madigiri 31 kapena 32 pa avareji, masiku ena kupitirira 40, ndipo mu Julayi masana kumafika cha m'ma 18. Anthu a mtundu wa Noongar, eni nthaka amene akhala m'derali kwa zaka zikwi makumi angapo, amawerenga nyengo zisanu ndi imodzi: Birak, Bunuru, Djeran, Makuru, Djilba ndi Kambarang. Kawerengedwe kawo kamathandiza wosambira kuposa ka nyengo zinayi kamene adabwera nako Angerezi, chifukwa kamalekanitsa kutentha koyamba kwa Birak, cha mu Disembala ndi Januwale, ndi kutentha kwachiwiri kwa Bunuru, cha mu Febuluwale ndi Malichi. Madzi amachedwa kutentha ndipo amachedwa kuzizira. Aliyense amene adateleka mphika waukulu akudziwa. Mvula imene imadzaza madamuwa imagwa m'chisanu, ndipo madzi ake amatsika pansi pa madigiri 15. Mu Kambarang, cha mu Okutobala ndi Novembala, kumabwera masiku otentha amene amakopa munthu kuvula malaya, pamene damu likadali ndi chisanu cha Makuru m'mimba mwake. Mu Djeran, cha mu Epulo, m'mawa kumayamba kachisanu, anthu n'kuleka kubwera, pamene madzi akadasunga kutentha kwa miyezi yapitayo.

Si kuchedwa kokhako. Damu lakuya m'nyengo yotentha limakhala ndi madzi a mitundu iwiri, ena pamwamba pa anzake. Madzi ofunda ndi opepuka, choncho amayandama, ndipo mphepo imatakasa a pamwamba okhawo osafika pansi. Taonani mnyamata amene wasambira kuchoka pamchenga tsiku lotentha la mu Novembala. Chifuwa ndi mikono zili m'madzi ofundirako, iye n'kumaseka. Atopa, aima kuti apume, miyendo n'kulendewera pansi, ndipo mapazi ake akhudza madzi ozizira ngati a mumtsuko wogonera panja mu Juni. Akadumphira kuchokera pamwamba n'kumira thupi lonse m'madzi oterowo, thupi limadzidzimuka lokha, munthu n'kukoka mpweya mosafuna, ndipo ngati mutu uli pansi pa madzi chimene amakoka ndi madzi. Pakapita mphindi zingapo mikono imayamba kuchita dzanzi. Wozolowera nyanja yamchere amanyengedwanso kawiri: madzi a m'damu samunyamula ngati a m'nyanja, ndipo nyanja ya ku Perth sisintha kwambiri, imangosewera pakati pa madigiri 18 ndi 24 chaka chonse. Kugawanika kwa madzi kumeneku adakufufuza mozama akatswiri a pa University of Western Australia motsogoleredwa ndi Jörg Imberger m'zaka za m'ma 1970, ndipo damu limene adaphunzirirapo ndi Wellington lomwe lija. Kumeneko madzi oyamba a m'chisanu, ozizira ndi amchere, amalowa n'kutsetsereka pansi pa madzi ena mpaka kukafika patsinde pa khoma, moti oyang'anira damu adaphunzira kuwatulutsira kunsi. Asodzi a ku Mangochi, amene amadziwa kuti mwera ukaomba masiku angapo madzi ozizira a pansi amakwera, sangadabwe nazo.

Kuzizira kuli mbali imodzi. Mbali inayo kuli kutentha, ndipo pamenepa mbiri ya mapaipi ikukumananso ndi mbiri ya kusambira. Mu 1965 madokotala awiri a ku Adelaide, Malcolm Fowler ndi Rodney Carter, adafotokoza za matenda achilendo amene ankapha ana m'matauni a kumpoto kwa South Australia monga Port Augusta. Mwana ankayamba kumva mutu, kutentha thupi ndi kuuma khosi, n'kumwalira m'masiku ochepa. Choyambitsa chake chidapezeka kuti ndi kachilombo ka selo imodzi ka mtundu wa amiba, kamene pambuyo pake kadatchedwa Naegleria fowleri potengera dzina la Fowler. Matauniwo ankalandira madzi a mumtsinje wa Murray kudzera m'paipi yaitali yochokera ku Morgan kupita ku Whyalla, yoyalidwa pamtunda, imene dzuwa linkaiwotcha tsiku lonse. Paipi ya O'Connor nayo, imene poyamba idakwiriridwa, idafukulidwa n'kuikidwa pamtunda kuyambira m'zaka za m'ma 1930 pofuna kuthana ndi dzimbiri ndi kudontha, choncho Western Australia idali ndi chifukwa chokwanira choopera. Kachilomboka kamaswana m'madzi opanda mchere wambiri akafunda, ndipo a zaumoyo m'boma la Western Australia amachenjeza za madzi a madigiri 28 mpaka 40. Kumwa madziwo sikudwalitsa. Kachilomboka kamalowera m'mphuno, madzi akakankhidwira m'kati mwamphamvu, n'kukwera kukafika ku ubongo. Matendawa ndi osowa kwambiri, koma amene awatenga pafupifupi onse amamwalira. M'nyanja yamchere kachilomboka sikakhala. Kamchere kamene kadathamangitsa sitima ku Chidlow n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi ka m'nyanja.

Wosambira m'damu ali pakati pa ziwopsezo ziwirizi, ndipo tsiku limodzi likhoza kukhala nazo zonse: m'mphepete mosaya, mmene ana aang'ono amasewera akuvundula matope, madzi amatha kufunda ngati osamba khanda, pamene pakatikati, mamita ochepa pansi, akuzizira. Malangizo amene amaperekedwa chaka ndi chaka amamveka ngati a agogo: usadumphire m'madzi ofunda osayenda, tsina mphuno, mutu ukhale pamwamba, usavundule matope, ndipo paipi ya pabwalo imene yakhala padzuwa uyambe waitsegula mpaka madzi azizire mwana asanaseweretse. Makhonsolo amayeza madzi m'miyezi yotentha, ndipo malo ngati Drakesbrook Weir, pafupi ndi Waroona, akhalapo ndi machenjezo. Mmalawi sangaone chachilendo pa mfundo yakuti madzi odekha ndi ofunda amabisa matenda, poti likodzo tidakula nalo. Ku Perth kulibe likodzo, ndipo ng'ona zili kutali kumpoto kwa dzikolo; mwina n'chifukwa chake anthu obwera kuchokera kwathu kuno amatha kuona damu loyera chotero n'kuganiza kuti mulibe choopa. Chikwangwani chimanena za madzi amene adayezedwa masiku apitawo, pa malo amodzi. Za madzi a lero, pa malo amene mwana waima, amadziwa ndi kholo limene laviikamo dzanja.

Otsutsa chiletso ali ndi mfundo zolemera, ndipo yoyamba ndi yakuti dziko lidasintha kuchokera nthawi ya tayifodi. Masiku ano kuli klorini, kuli makina osefera madzi, kuli malabu. Ku Queensland anthu amasambira pa malo osankhidwa m'madamu a Wivenhoe ndi Somerset, amene amamwetsa mzinda wa Brisbane, ndipo mzindawo sudathe. Kwathu kuno nyanja ya Malawi timamwa, timachapamo, timasambamo. Nanga bwanji munthu wa ku Perth azikawunjikana ndi anzake pa kadamu ka sitima pamene madamu akuluakulu, ozizira bwino ndi oyera, ali phee pafupi pomwepo? Mkangano umenewu udafika poyera pa damu la Logue Brook, pafupi ndi Harvey, limene lidamangidwa m'zaka za m'ma 1960 kuti lithirire minda ndipo anthu adazolowera kusambiramo, kuwedza ndi kuthamangitsamo maboti. Boma la chipani cha Labor lidaganiza zolisandutsa damu la madzi akumwa, zimene zidatanthauza kuthamangitsa anthu onsewo. Anthu adakwiya, ndipo boma la Colin Barnett litalowa mu 2008 lidabweza ganizolo. Otsutsa amati apa zidaoneka kuti wosambira akhoza kukhala patsogolo ngati alankhula mokweza.

Koma nkhani ya Logue Brook ikayang'anitsitsidwa ikutsimikiza lamulo lomwe lija. Palibe amene adanena kuti damulo lizimwedwa uku likusambidwa. Funso lidali lakuti likhale la ndani, ndipo litaperekedwa kwa osambira lidachoka pa mndandanda wa madzi akumwa. Komiti ya nyumba ya malamulo ya Western Australia imene idafufuza nkhaniyi n'kutulutsa lipoti mu 2010 idatsata njira yomweyo: chitetezo cha madamu a madzi akumwa chikhalepo, koma amene sakufunikanso pa ntchitoyi amasulidwe kuti anthu asangalalemo. Chifukwa chake n'chakuti pali tizilombo tina timene klorini sapha. Kachilombo ka cryptosporidium, kamene kamatuluka m'mimba mwa anthu ndi ziweto, kamapirira klorini, ndipo mu 1993 kadadwalitsa anthu pafupifupi 400,000 mumzinda wa Milwaukee ku America, mzinda umene udali ndi makina osefera. Mu 1998 anthu a ku Sydney adauzidwa kuti aziwiritsa madzi kachilombo komweka katapezeka m'madzi awo. Brisbane amalola kusambira chifukwa madzi ake amadutsa kaye m'makina akuluakulu a ku Mount Crosby, ndipo dera la mitsinje yake lili kale ndi minda ndi ng'ombe. Alibe nkhalango yotsekedwa yoti ataye. Perth ali nayo, ndipo madzi a madamu ake ambiri a m'mapiri safuna zambiri kuposa mankhwala ophera tizilombo. Kutsegula madamuwo kukutanthauza kumanga makina osefera amene aliyense wotsegula mpope adzawalipira, kuphatikizapo nkhalamba imene sidzaviikamo ngakhale chala. Ndipo nyanja ya Malawi si chitsanzo chabwino kwa otsutsawa: kukula kwake kumasungunula zambiri, komabe kolera ya 2022 ndi 2023 idasautsa kwambiri maboma a m'mphepete mwa nyanja.

Mfundo yachiwiri ndi yochenjera kuposa yoyamba. Kuyambira cha pakati pa zaka za m'ma 1970 mvula ya kum'mwera chakumadzulo kwa Australia yakhala ikuchepa, ndipo madzi olowa m'madamu a Perth adatsika kuposa mmene mvula idatsikira, mpaka kuchepera theka la kale. Mzindawu udatembenukira ku madzi a pansi pa nthaka ndi ku nyanja: fakitale yochotsa mchere m'madzi a m'nyanja ya ku Kwinana idayamba ntchito mu 2006, ya ku Binningup mu 2011. Otsutsa amati ngati mitsinje ikupereka gawo lochepa chotere, madamu asanduka okalamba opuma pantchito ngati la Chidlow, ndipo nthawi yakwana yoti aperekedwe kwa anthu. Chimene amaiwala n'chakuti madamuwa adapeza ntchito ina. Mafakitale aja amapanga madzi chaka chonse, pamene anthu amagwiritsa ntchito ambiri m'miyezi yotentha, choncho a bungwe la madzi la Water Corporation amapopera ena mwa madziwo m'madamu kuti asungike. Damu lasanduka nkhokwe, ndipo chimanga chogula ndi ndalama sachisiya pabwalo. Madzi amene achotsedwa mchere ndi magetsi okwera mtengo ndiwo oyenera kutetezedwa kwambiri. Palinso china: damu limene madzi ake aphwera limasunga tizilombo nthawi yochepa tisanafike pa paipi yotulutsira, ndipo m'chilimwe zonyansa zimene zalowa m'madzi ofunda a pamwamba sizisakanikirana ndi damu lonse, zimayenda m'kagawo kapamwambako motengedwa ndi mphepo. Nyengo imene anthu amafuna kwambiri kusambira ndi yomwe damu limalephera kwambiri kudziyeretsa.

Pali mfundo yachitatu imene sindingaikane yonse. Ena amati anthu a ku Perth asadandaule poti ali ndi magombe a Cottesloe ndi Scarborough, ndiponso kamphepo ka masana kochokera kunyanja kamene amakatcha Fremantle Doctor. Koma kamphepoko kamafika mochedwa m'mapiri, masiku ena osafika n'komwe, ndipo banja la ku Chidlow kapena ku Wooroloo limene lilibe galimoto yodalirika silingapite kugombe tsiku lililonse lotentha. Mtolo wa chiletso umalemera kwambiri pa anthu okhala pafupi ndi madamu, pamene madziwo amakamwedwa kutali. A Noongar adausenza kuposa onse, chifukwa zigwa zimene zidamizidwa ndi kutchingidwa, ngati cha mtsinje wa Helena, zidali njira zawo, malo awo osaka ndi malo olemekezeka kalekale khoma lisanamangidwe, ndipo palibe adawafunsa. Zimenezi zikusonyeza kuti boma limene latseka madzi ena lili ndi ngongole yosamala bwino madzi amene latsegula: kuwayeza pafupipafupi, kunena poyera zimene lapeza, ndi kuphunzitsa ana kusambira, monga maphunziro a patchuthi a VacSwim akhala akuchitira kuyambira 1919. Sizikusonyeza kuti madzi akumwa atsegulidwe.

Njanji ya ku Chidlow idatsekedwa mu 1966, sitima zitayamba kudzera m'chigwa cha Avon, ndipo mmene munkadutsa njanjimo lero mumayenda anthu apansi ndi apanjinga. Damu lidatsala, likudalira mvula ya chisanu imene ikunka nichepa, ndipo chaka chimene ladzaza pang'ono mbali yosaya imakula n'kufunda msanga. Kaduwa kamene lidatengera dzina kamachita maluwa kuyambira kumapeto kwa chisanu mpaka cha mu Okutobala kapena Novembala, m'mbali mwa kanjira ka makilomita atatu kozungulira damulo. Alendo amene amabwera kudzakajambula amapeza dzuwa likuwala, mchenga uli wofunda, madzi ali mbee, ndipo amene ayesa kulowamo amatuluka msanga mano akugwedezeka.